Mphini pa Msana wa Che Amidu

Chisomo ndi Tadala, ana anga, mwakhala mukundifunsa kuti bambo aja a galimoto yoyera, amene amaliza hutala pa geti pathu Lachisanu lililonse, ndi achibale athu a mbali iti. Si achibale athu ayi. Dzina lawo ndi Che Amidu a ku Kanjedza, ndipo pa zaka zonse zimene ndinagwira unamwino, nkhani yawo ndi imene ndikaikumbukira mtima umadumphabe ngati wa mtsikana. Popeza tsopano ntchito yanga yatsala yothirira mpiru ndi kukangana ndi wailesi, ndati ndiilembe ndekha, musadzaimve kwa anthu itakometseredwa kale. Koma kuti muimvetse bwino, ndiyambe ndi batani la yunifolomu yanga.

Chaka chimene ndinayamba ntchito

Ananditumiza pa kachipatala kakang'ono cha ku Makata, kumene odwala athu ambiri anali anthu a m'mafakitale: uyu wadzicheka ndi lata, uyu wapsa ndi mafuta, winayo chitsulo chamuphwanya chala. Ndinkalawirira m'mamawa kusita yunifolomu ndi simbi ya makala, ndipo ndikamayenda pamsewu ndinkaganiza kuti Blantyre yense akuyang'ana ine. Mkulu wathu anali Sisitala Kachingwe, mayi wamtali amene akangotsokomola pakhonde, ngakhale odwala ankakhala tsonga pa benchi. Sabata yoyamba yomweyo anandipeza ndikusintha zovala m'kachipinda kathu, naona mphini zimene zili pachifuwa pangazi, zisanu ndi imodzi, pansi pa khosi. Mukudziwa kuti makolo a bambo anga anabwera wapansi kuchokera ku Mozambiki. Azakhali anga, amene anandilera, ndiwo anakanditemeretsa ndili ndi zaka zitatu chifukwa cha chifuwa chimene chinkandikoleza usana ndi usiku.

"Izi n'chiyani, mtsikana iwe?" anafunsa Sisitala Kachingwe.

"Ndi mphini, Sisitala. Ndinali mwana."

"Namwino wa mphini! Nanga odwala akaziona aziti chiyani? Manga batani la pamwambalo, ndipo ndisadzazionenso."

Ndinamanga. Ndinalimanga batani limenelo ngakhale mu Okutobala, thukuta lili kamukamu. Choipa kwambiri n'chakuti ndinaphunziranso kukalipa ngati iwo. Wodwala akavula malaya ine n'kuona mphini zatsopano, ndinkamutsira mphepo mpaka benchi yonse imve: "Ndiye mwabwereranji kuno? Bwererani komweko kwa lezala!" Ndinkayesa kuti ndikuphunzitsa anthu, pamene chimene ankaphunzira n'kubisa basi.

Chaka chimene tinasamukira ku Chitawira

Chisomo ali kumsana, anandisamutsira ku chipatala chachikulu, ku wodi ya amuna ya maopaleshoni. Kumeneko ndiko ndinakhwimira. Panali miyezi imene thonje linkasowa, magolovesi tikuwerengerana ngati nyama ya pa ukwati, mabandeji tikuchapa n'kuyanika kuseri kwa wodi. Komabe ndinkaikonda ntchito imeneyo. Kuona munthu amene anabwera pa machira akutuluka yekha ndi chikwama chake, akukangana ndi achibale za basi yoti akwere, kunkanditsitsimula kuposa tiyi.

Koma pali bambo mmodzi amene sanandichoke m'maso. Anali mphunzitsi, wa nthabwala zake, ndipo anabwera akuti pakati pa mapewa pakupweteka ngati wina wamubaya mpeni kumbuyo. Tinamupatsa mankhwala opha ululu, nayamba kucheza, mpaka anandipempha kuti ndimuitanire mkazi wake abwere ndi nyuzipepala. Dzuwa lisanafike paliwombo anangoti ukuu, n'kupita. Dokotala wa maopaleshoni anatifotokozera pambuyo pake kuti mtsempha waukulu, uja umachoka pamtima n'kutsika motsatira msana kugawa magazi m'thupi lonse, unali ndi chilonda m'kati. Chilondacho chinadya khoma la mtsempha pang'onopang'ono mpaka kuboola. Ndinafunsa ngati pali chimene tikanachita. Iwo anapukusa mutu: "Kunja amang'amba chifuwa chonse n'kusoka, ndipo ambiri sadzuka pa tebulo. Kuno ndi pemphero basi." Kuyambira tsiku limenelo, munthu akanena za ululu wa pakati pa mapewa, ine ndinkangoona mphunzitsi uja m'maso.

Chaka chimene Tadala ankalemba mayeso a Fomu 4

Apa n'kuti ndili pa kachipatala kolipira ku Limbe, kwa Dokotala Mhango, bambo wodekha amene ankayankhula motsitsa ngati akuopa kudzutsa mwana. Tsiku lina anandiitana mu ofesi mwawo, maso akuwala. Munali bambo wa ndevu zaimvi, atavala mkanjo woyera ndi kachipewa, pambali pawo pali mayi wocheperapo msinkhu atafumbata envulopu yaikulu. Bamboyo anali Che Amidu, amene anayendetsa malole a kampani ina ya ku Makata kuyambira unyamata wawo, mpaka anagula lole yawoyawo. Mayiyo anali akazi awo, Abiti Yusufu.

"Sisitala, bambo awa anali ndi chilonda mu mtsempha waukulu," anatero Dokotala. "Ana awo anawatumiza ku India, ndipo abwerako dzana. Tayang'anani pomwe anawang'amba."

Ndinakumbuka mphunzitsi uja. Ndinawapempha Che Amidu kuti atukule mkanjo, ndikuyembekeza mzere wa ulusi kuchokera pakhosi mpaka pamchombo. Chifuwa chinali see, chopanda ngakhale kachipsera. Ndinazungulira kumsana, nakonso see. Che Amidu anayamba kuseka chikhakhali.

"Anesi, mukufufuza kolakwika. Amwenye aja analowera ku geti la kuseri!"

Anandionetsa kachipsera pamwamba pa ntchafu, kosaposa chala changa chaching'onochi. Ana anga, ndinakuwa! Dokotala anafotokoza kuti madokotala a kumeneko analowetsa kachubu ka waya kokutidwa ndi nsalu kudzera mu mtsempha wa m'ntchafu, katapindidwa ngati ambulera. Anakakankha akuonera pa makina mpaka kanafika pa chilonda paja, n'kukatambasula, ndipo kanaphimba chilondacho kuchokera m'kati. Magazi tsopano ankadutsa m'kachubumo osakhudzanso malo odyekawo. Ndinatenga chithunzi cha m'envulopu muja n'kuchilozetsa ku windo, ndipo ndinakaona kachubuko kali ngwee m'chifuwa cha munthu wamoyo, amene akuseka pamaso panga. Madzulo ake ndinaisimba nkhaniyi mu minibasi kuchoka ku Limbe mpaka ku Chitawira, moti kondakitala anaiwala kundikumbutsa kuti nditsike, nanenso ndinaiwala.

Panali chinthu chimodzi chofunika kusamala. Ku India anapezanso kuti kamtsempha kena ka pamtima kachepa njira, naikamo kachubu kena kakang'ono ngati kasipuling'i ka m'bolopeni. Chifukwa cha chimenechi anawapatsa mapiritsi a mitundu iwiri oletsa magazi kuundana, asipilini wamng'ono ndi lina lofiirira, oti azimwa tsiku ndi tsiku osadumphitsa. Akasiya, magazi akhoza kugwirana pa kachubu ka pamtima n'kutseka njira, munthu n'kugwa ali chiimire. Koma akamamwa, chilonda chilichonse chimachedwa kuleka kukha magazi. Dokotala anandipatsa ine ntchito yowalangiza, ndipo ndinaigwira monyadira. Ndinawauza kuti asagule mapiritsi a mutu kapena a msana pa okala, kuti akafuna kuzula dzino ayambe afika kwa ife, kuti akaona kamfuno kosaleka kapena chimbudzi chakuda athamange, ndi kuti asasiye mankhwala ngakhale atamva bwino chotani. Abiti Yusufu ankabwereza mawu anga onse ngati mwana wa ku madarasa. Ndinatchula zonse kupatula chimodzi, ndipo sichinandibwerere n'komwe m'mutu, chifukwa namwino womanga batani la pamwamba satchula zinthu zoterozo.

Miyezi itatu pambuyo pake

Linali Lolemba m'mawa, kukutentha koopsa, ndipo Dokotala Mhango anali ku chipatala chachikulu kumene ankathandiza Lolemba lililonse. Ndinaona Che Amidu akulowa pang'onopang'ono atavala jekete yakuda pamwamba pa mkanjo, Abiti Yusufu akuwagwira pamkono. Nthabwala zija kunalibe.

"Kwagwanji, Che Amidu? Jekete pa dzuwa lino?"

"Msana, Anesi. Wayambiranso sabata yatha."

Ndinawalowetsa m'chipinda n'kuwayeza: kuthamanga kwa magazi kunali bwinoko, koma m'maso munali motuwa. Nditawerama kuti ndiwavule jekete, mphuno yanga inagwira fungo limene ndinalidziwa ndisanadziwe kuwerenga, la mizu yowotcha yosakaniza ndi mafuta a nsatsi. Mkanjo woyera uja kumsana unali wofiira mpaka m'chiuno. Pansi pake anali atamangapo chitenje chong'amba, ndipo nditachimasula ndinapeza mphini zisanu ndi zitatu, zopakidwa mankhwala akuda, zonse zikukha magazi pang'onopang'ono ngati mpopi wosatsekeka bwino. Mawu a Sisitala Kachingwe anafika pakamwa panga, ndipo kunena zoona ndinatsala pang'ono kuwalavula. Ndinawameza. Ndinawagoneka bamboyo chafufumimba, n'kutsuka zilondazo, n'kuitana namwino mnzanga kuti apanikize ndi thonje osatukula dzanja. Apo m'pamene Abiti Yusufu anandikoka chovala n'kundilowetsa m'kachipinda kosungira mankhwala, natseka chitseko n'kugwada pansi.

"Anesi, ndine ndinawatengera kwa asing'anga Loweruka. Amalephera kugona ndi msana, ine chifundo. Magazi atakana kuleka ndinakumbuka zija munanena, kuti mapiritsiwa amasungunula magazi. Ndiye ndawabisa. Sanamwe Loweruka, dzulo, ndi lero."

"Masiku atatu, mayi!"

"Pepani, ndagwira mwendo wanu. Musalembe, musawauze adokotala. Ine ndine mkazi wachiwiri, mayi wa ana aja anamwalira. Ana anagulitsa lole ya bambo awo kuti apite ku India. Akamva izi azinena kuti ndimafuna kuwapha. Ingomangani zilondazo, mapiritsi ndikawapatsa ndikafika kunyumba."

Ndinagwira njakata. Njira yophweka inalipo: kumanga mabandeji, kulemba m'kabuku kuti anadzikanda pa waya, n'kuwabweza ku Kanjedza banja lili bwinobwino. Mayiyo ndinamumvera chisoni kwambiri, pakuti ndinkadziwa mmene ana opeza amathera kumusandutsa mfiti mkazi wa bambo awo. Koma ine sindikanatha kulamula ndekha kuti munthu amene akutaya magazi ayambirenso mankhwala amenewo, ndiponso sindikanamusiya tsiku lachinayi asanamwe, kachubu ka pamtima kali pangozi. Kuwonjezera apo, ululu wa msanawo unkafunika kuunikidwa pa makina tsiku lomwelo, kuopa kuti mwina kachubu kakakulu kaja kasuntha ndipo chilonda chayambanso kudya. Zonsezi zinkafuna dokotala wodziwa zoona zake zonse. Ndikanabisa, mwina Che Amidu akanagwa Lachiwiri ngati mphunzitsi uja, ine ndi Abiti Yusufu titasunga chinsinsi chathu bwino lomwe.

Sindikudziwa chimene chinandigwira dzanja. Ndinangoona ndamasula batani la pamwamba, kenako lachiwiri, n'kuwerama kuti aone.

"Dzukani, mayi, taonani apa. Izi ananditemeretsa ndi azakhali anga, munthu amene ankandikonda kuposa wina aliyense pa dziko lino. Ndikudziwa kuti simunafune kupha munthu. Koma bodza m'kabuku sindilemba, ndipo adokotala ndiwauza pompano. Chimene ndikulonjeza n'chakuti simukaima nokha pamaso pa ana aja. Ndikaima nanu, ndipo woyamba kuyankhula ndikakhala ine."

Anayang'ana mphini zangazo nthawi yaitali, kenako anapisa dzanja m'chikwama natulutsa mapaketi awiri a mapiritsi atakulungidwa mu mpango, n'kundipatsa.

Ndinaimbira Dokotala Mhango, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawamva akukweza mawu: "Musawapatse kanthu kaye, pitirizani kupanikiza, mubwere nawo kuno msanga!" Tinakwera ambulansi, ine nditagwada kumbuyo manja onse awiri ali pamsana pa Che Amidu, dalaivala akuliza saireni pakati pa maminibasi a mu Limbe amene sapatukira ngakhale maliro. Che Amidu, nkhope ili pa pilo, anapezabe mphamvu zodandaula kuti dalaivalayo sadziwa kusintha magiya. Titafika, Dokotala anasoka mphini ziwiri zimene zinali zakuya, zinazo zinagonja ndi bandeji yothina. Anawabaya jekeseni ya kafumbata, anayeza kuchuluka kwa magazi, najambula kagundidwe ka mtima. Mtima unali bwino. Atawerenganso kalata ya ku India n'kukambirana ndi dokotala mnzawo, analamula kuti mapiritsi ayambirenso tsiku lomwelo, bamboyo ali m'manja mwathu. Kenako tinawalowetsa m'makina a sikani.

Kudikira kumeneko sindidzakuiwala. Tinakhala pa benchi ine ndi Abiti Yusufu, iwo akuwerenga mikanda ya tasibi, ine ndikupemphera m'Chikhristu changa, mapewa atagundana. Dokotala atatuluka anakweza chithunzi m'mwamba asanayankhule n'komwe. "Kachubu kali pamalo pake, sikanasunthe ngakhale pang'ono. Chilonda chaphimbika, palibe podontha. Msanawu ndi mafupa chabe, aperepeseka ndi mipando ya malole." Ana anga, mayi wanu, Sisitala wa zaka zake, anaimba nthungululu pakhonde la chipatala chachikulu mpaka alonda anabwera kudzaona. Abiti Yusufu ankangoti "Alihamudulila, Alihamudulila," misozi ili mbwembwembwe.

Chisangalalocho chisanathe anatulukira Saidi, mwana wamkulu wa Che Amidu, atamva kale za mphini kwa mlongo wake amene anatsogola kufika kuchipatalako. Analowa mu wodi nkhope ili gwa, naloza Abiti Yusufu chala.

"Ife tivutike kuwatumiza kunja, inu muziwatengera ku malezala? Mumafuna chiyani kwenikweni pa bambo athuwa?"

Ndinaimirira pakati pawo, batani likadali chomasula. "Achimwene, ngati mukufuna wolakwa, yambani ndi ine. Ine ndi amene ndinawalangiza makolo anuwa za mankhwala. Ndinatchula dzino, ndinatchula kamfuno, koma mphini sindinatchule, chonsecho ndine mwana wa konkuno ndipo nazi zanga. Ndikanatsegula pakamwa tsiku lija, lero sitikanakhala pano." Ndinanena zimenezi Dokotala Mhango ali pomwepo, ndikudziwa kuti ndikudzipalira makala pamutu.

Abiti Yusufu sanabisale kumbuyo kwanga. Ananena okha kuti anabisa mapiritsi masiku atatu chifukwa cha mantha, ndi kuti ndi iwonso amene anaumiriza bambowo kubwera kuchipatala m'mawa umenewo. Apo Che Amidu anatembenuza mutu pa pilo.

"Saidi, tsitsa chala chakocho. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Msana ndi wanga, ndipo kwa asing'anga ndinapita ndi miyendo yanga. Mayi akowa akanakhala ofuna imfa yanga akanangondisiya ndigone."

Saidi anayang'ana pansi. Sanapepese tsiku limenelo, anthu aamuna mumawadziwa, koma madzulo ndinamuona akuwatsegulira Abiti Yusufu chitseko cha kutsogolo cha galimoto yake.

M'mawa mwake Dokotala anandiitana mu ofesi. Ndinalowa nditakonzeka kulandira kalata yochenjeza. M'malo mwake anandipatsa pepala lija tinkalembapo malangizo a odwala omwa mankhwala oletsa magazi kuundana. "Sisitala, ine ndaphunzira zaka zambiri, koma funso limeneli silili m'buku lililonse limene ndinawerenga. Lembani pamwamba penipeni, m'Chichewa, ndipo muziwafunsa ndinu." Ndinalemba ndi dzanja langa: Kodi mumatemera? Tiuzeni, sitikalipa.

Chaka chimene ndinapuma ntchito

Che Amidu anamaliza nthawi ya mapiritsi awiri popanda vuto lina, Dokotala nawasiyira asipilini yekha. Chaka chilichonse ankapita ku sikani, ndipo chaka chilichonse ankabwera ndi chithunzi kudzandionetsa ngati mwana wobwera ndi lipoti la kusukulu. Pa zaka zimene zinatsatira ndinafunsa funso lija kwa odwala osawerengeka, ndipo wodwala akayamba kuyang'ana kumbali ndinkangomasula batani. Mukanamva zimene anthu ankaulula akaona mphini pa chifuwa cha namwino! Ena ankatulutsa mabotolo a zitsamba m'zikwama, ena ankavomera kuti mawa lomwelo anali ndi ulendo wa kwa asing'anga.

Pa tsiku lotsanzikana nane ku ntchito, Abiti Yusufu anabwera ndi phukusi. Munali diresi ya buluu imene anasoketsa kwa telala wa ku Kanjedza, ija ndimavala ku tchalitchi, imene iwe Tadala umanena kuti khosi lake ndi lotsika kwambiri kwa munthu wa msinkhu wanga. Nditaitambasula pamaso pa anthu ndinaona kuti ilibe batani ngakhale limodzi. Ndinawayang'ana, iwo n'kuseka.

"Telala amafuna kuikapo, Anesi. Ndinamuuza kuti eni ake safuna."

Ndiye ukadzandionanso nditaivala, mwana wanga, usadzandibweretsere mpango woti ndiphimbe pakhosi. Ndinaphimba kokwanira.